Moyo ndi Ubusa wa Ambuye Joseph Mukasa Zuza



Akomiti yokonza chikondwerero chino atatipempha kuti tiyankhulepo za mmodzi mwa abusa amene adatumikira kuno ku Mzuzu, sitidachedwe kusankha. Tasankha Ambuye Joseph Mukasa Zuza, mwana wa kuno kwathu woyamba kukhala pa mpando wa uepiskopi m'dayosizi ino. Ambiri a ife tidalandira Ulimbitso m'manja mwao, ndipo ena tidaŵaphikirapo nsima pamene ankayendera maparishi. Koma m'bungwe muno mwaloŵa atsikana amene adali aang'ono pa nthaŵi imene Ambuyeŵa ankatisiya, ndipo chimene amadziŵa za iwo ndi mau aŵiri okha a Chitumbuka amene adamveka pa wailesi m'chaka cha 2011. Ku mau amenewo tifikako, musade nkhaŵa. Koma kuti timvetse kumene mauwo adachokera, tiyenera kuyambira patali pang'ono.

Tiyambe ndi dzina. Ambuye Zuza adabadwa pa 22 Okutobala 1955 ku Malembo, m'boma la Mzimba. Dzina lao loti Joseph Mukasa ndi la mmodzi mwa Amaritiri a ku Uganda, Joseph Mukasa Balikuddembe. Mnyamata ameneyu adali mkulu wa antchito a m'nyumba ya mfumu ya ku Buganda, Kabaka Mwanga, ndipo mfumuyo inkamukhulupirira kwambiri. Adabatizidwa mu 1882 ndi ansembe a chipani cha White Fathers. M'mwezi wa Okutobala 1885 mfumu ija idalamula kuti episkopi wa mpingo wa Anglican, James Hannington, amene ankabwera ku Buganda kudzera chakuvuma, aphedwe panjira. Anthu ambiri a kubwalo adangoti chete, aliyense kuopera khosi lake. Joseph Mukasa ndiye adapita kwa mbuye wake nakamudzudzula pamaso chifukwa cha imfa ya mlendoyo. Kuonjeza apo, adali atayamba kale kutchinjiriza tianyamata totumikira m'nyumbamo ku zilakolako zoipa za mfumu. Pa 15 Novembala chaka chomwecho adamudula mutu natentha mtembo wake, ndipo ndiye adayamba kufa mwa anthu 22 aja amene Papa Paul VI adalengeza kuti ndi oyera pa 18 Okutobala 1964. Pa tsiku limenelo mwana uja wa ku Malembo adatsala ndi masiku anai kuti akwanitse zaka 9.

Taonani, amayi, kuti Mkatolika ameneyu adafera mau oteteza episkopi wa mpingo wina. Kuno kumpoto, kumene m'banja limodzi mumapeza wina wa CCAP, wina wa Katolika, winanso wa Anglican, onse akudyera m'mbale imodzi, nkhani imeneyi njosasoŵa kuimasulira. Ndipo tinene modutsa kuti ife amayi, tikamapita ndi khanda ku Ubatizo, masiku ano timatola dzina chifukwa lamveka bwino pa kanema, osafunsa kuti mwini wake adali yani, adachita zotani. Kukadakhala bwino tikadamafunsa.

Mpingo umene mwanayo adabadwiramo udali wakhanda. Chigawo cha kumpoto chidali munda wa amishoni a Livingstonia kuyambira kale: ku Bandawe adakhazikika mu 1881, ku Ekwendeni mu 1889, ku Khondowe mu 1894. A White Fathers, omwe aja adabatiza Joseph Mukasa ku Uganda, adatsegula mishoni yao yoyamba ya kuno ku Katete mu 1938. Mu 1947 Papa adapatula chigawo chino kuti chikhale ndi mtsogoleri wakewake, Amonsinyo Marcel St Denis, ndipo pambuyo pao padabwera Jean-Louis Jobidon wa ku Canada, amene adakhala episkopi woyamba pamene Dayosizi ya Mzuzu idakhazikitsidwa mu 1961. Mzuzu weniweniyu masiku amenewo adali kamudzi komera pambali pa esiteti ya mitengo ya tung. Adatchedwa mzinda mu 1985.

Mnyamata wa m'dayosizi ino wofuna unsembe m'zaka zimenezo adali ndi ulendo wautali. Ankayambira ku seminale yaing'ono ya St Patrick's ku Rumphi, kenaka napita ku Kachebere m'boma la Mchinji, m'malire ndi Zambia, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 maphunziro otsiriza ankachitikira ku St Peter's ku Zomba. Ambiri ankayamba, oŵerengeka okha ndiwo ankafika. Ife amayi tikudziŵa mbali ya ulendo umenewu imene sailemba m'mabuku. Ku Mzimba mwana wamwamuna ndiye amasunga mudzi ndi chiŵongo cha bambo wake. Kumupereka ku seminale ndiye kuti simudzalandira mpongozi wokutungirani madzi mutakalamba, simudzanyamula chidzukulu cha mwana ameneyo, ndipo akuchimuna adzakufunsani kuti mwana wao mwampititsa kuti. Mai amene amavomera zimenezi, nalongedza sopo ndi mtedza wokazinga m'kathumba nthaŵi iliyonse sukulu ikamatsegulidwa, naye ali ndi gawo lake pa unsembe wa mwanayo.

Abambo Zuza adadzozedwa unsembe pa 25 Julayi 1982, m'nthaŵi ya Ambuye Jobidon, ali ndi zaka 26. Ntchito ya wansembe wa kuno m'masiku amenewo achikulire mukuikumbukira. Parishi imodzi inkakhala ndi matchalitchi ang'onoang'ono ambirimbiri, kotero kuti akhristu ena ankaona Nsembe ya Misa kamodzi pa miyezi ingapo, masabata enawo akatekisti ndiwo ankatsogolera mapemphero. Wansembe akafika pa njinga yamoto, fumbi thupi lonse kapena matope mpaka m'maondo, ankapeza mzere wa olapa, makanda ofuna Ubatizo, milandu ya maukwati ndi odwala oti akaŵadzoze, zonsezi m'masiku aŵiri kapena atatu. M'sukulu yotere ndimo munthu amaphunzira kukhala pa mphasa ndi kumvera anthu kufikira atatha mau ao.

Ambuye Jobidon adapuma mu 1987, ndipo dayosizi idaikidwa m'manja mwa Amonsinyo John Roche a ku Ireland, a chipani cha St Patrick's. Tsono padafika chaka cha 1992. Pa 8 Malichi, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudaŵerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalatayo idanena za kusiyana kwakukulu pakati pa olemera ndi osauka, za malipiro ochepa, za kupereŵera kwa sukulu ndi zipatala, za anthu otsekeredwa m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, ndiponso za mantha amene adatseka anthu pakamwa. Zonsezi aliyense ankazidziŵa, koma tinkazinong'ona kukhitchini titatseka chitseko. Boma la Dr Kamuzu Banda lidati kalatayo njoukira, apolisi adaitanitsa maepiskopi kukaŵafunsa mafunso, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka, kumene kalatayo idadindidwa, idatenthedwa. Mwa onse amene adasaina, Amonsinyo Roche ndiwo adapirikitsidwa m'dziko muno, m'Sabata Loyera la mwezi wa Epulo. Motero pa madayosizi onse a m'Malaŵi, yathu ino ndiyo idadya Pasaka wa chaka chimenecho mbusa atachotsedwa. Abambo Zuza adali asanakwanitse zaka khumi pa unsembe, ndipo pamodzi ndi ansembe anzao adaona ndi maso ao mtengo wake wa kuyankhula. Zotsatira zake mukuzidziŵa: riferendamu ya pa 14 Juni 1993, ndi chisankho cha zipani zambiri cha pa 17 Meyi 1994.

Ena mumafunsa kuti kodi episkopi amasankhidwa bwanji, popeza sitiponya voti. Kazembe wa Papa, amene m'zaka zimenezo ankakhala ku Lusaka nayang'anira Zambia ndi Malaŵi, amafunsa mwachinsinsi maepiskopi, ansembe ndi akhristu eni ake ena za makhalidwe a ansembe amene akuganiziridwa. Akatero amatumiza maina atatu ku Roma, ndipo mau otsiriza amakhala a Papa. Palibe wansembe amene amalemba kalata yofunsira ntchito imeneyi. Pa 3 Malichi 1995 kudalengezedwa kuti Papa John Paul II wasankha Abambo Joseph Mukasa Zuza, ndipo pa 6 Meyi adadzozedwa uepiskopi ali ndi zaka 39. Ku Dedza adali ataona kale episkopi Mmalaŵi mu 1957, Ambuye Cornelius Chitsulo; ku Blantyre kudali Ambuye James Chiona; ku Lilongwe Ambuye Patrick Kalilombe adadzozedwa mu 1972. Ife tidadikira zaka 57 kuchokera pamene mishoni ya Katete idatsegulidwa. Nthungululu za tsiku limenelo zidali ndi chifukwa.

Pa mwambo wodzoza episkopi pali chinthu china chimene ambiri sitichiona bwino chifukwa chokhala kumbuyo. Maepiskopi anzake, osachepera atatu, akamusanjika manja, amatenga buku la Mthenga Wabwino nalitsegula pamwamba pa mutu wake iye atagwada, ndipo limakhala pomwepo mpaka pemphero lodzoza litatha. Pambuyo pake ndi pamene amamuthira mafuta a Krisima pamutu, namupatsa mphete, chisoti ndi ndodo ya ubusa. Maso athu amathamangira ku chisoti ndi ku ndodo chifukwa nzonyezimira. Koma choyamba ndi buku lija: munthuyo amaikidwa pansi pa Mau asanaikidwe pamwamba pa anthu.

Dayosizi imene adalandira idali yaikulu zedi. Idayambira ku Chitipa ndi Karonga m'malire ndi Tanzania, kudzera ku Rumphi, Nkhata Bay, Likoma ndi Mzimba yense, mpaka ku Nkhamenya m'boma la Kasungu. Kuti mwana wa ku Chisenga kapena wa kuseri kwa mapiri a Misuku alandire Ulimbitso, episkopi ankayenera kufika komweko, pa miseu imene nthaŵi ya dzinja ngakhale galimoto lolimba limagona m'matope. Katunduyu adapepukako mu 2010 pamene Dayosizi ya Karonga idapatulidwa ku Mzuzu, ndipo wansembe wa kuno, Abambo Martin Mtumbuka, adasankhidwa kukhala episkopi wake woyamba.

Zaka za ubusa wao zidalinso zaka za maliro. Edzi idasesa aphunzitsi, anamwino, amalonda ndi ana athu a m'nyumba, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Mu 2002 kudagwa njala imene ena tidadya nayo gaga ndi mizu. Amene ankasambitsa odwala m'makomo, kuphikira ana amasiye ndi kugona pa siwa usiku ndi usiku adali amayi a m'miphakati. Chimene tidakonda mwa Ambuyeŵa m'masiku oŵaŵawo nchakuti sadali munthu woti uyambe wagogoda zitseko zitatu kuti uŵaone. Adali ansangala, okonda kuseka, oyankhula chiyankhulo chathu ndi nthabwala zake zomwe, ndipo mai wa chitenje chimodzi ankatha kuŵaimika panja pa tchalitchi naŵafotokozera vuto lake.

Tsopano tifike ku 2011. Chaka chimenecho dziko lidali pa moto. Petulo ndi dizilo zidasoŵa kotero kuti magalimoto ankagona pa mzere masiku angapo, ndalama zakunja zidasoŵa, mitengo ya zinthu inkakwera, ndipo mu Epulo boma lidapirikitsa kazembe wa dziko la Britain, chinthu chimene chidakwiyitsa maiko otithandiza. Pa 20 Julayi anthu adachita zionetsero m'mizinda. Zidatha ndi mfuti. Anthu 20 adafa m'dziko lonse, ndipo mwa mizinda yonse Mzuzu ndiye adataya ambiri. Manda ao ali ku Zolozolo, pafupi pomwepa. Ena mwa inu mudaperekeza nao mabokosi aja.

Mabungwe adakonza zoti anthu adzatulukenso pa 17 Ogasiti, ndipo aliyense adagwira mtima m'manja. Dzulo lake, pa 16 Ogasiti, kudachitika mapemphero a dziko lonse ku Comesa Hall ku Blantyre, Pulezidenti Bingu wa Mutharika ali pomwepo pa mpando wakutsogolo. Wolalika adali Ambuye Zuza. Mwachidule adanena kuti mavuto a dziko tidadzipangira tokha, aliyense pa udindo wake. Kuti mbali iliyonse ikuloza chala inzake mmalo movomera zofooka zake. Kuti amene ali ndi mphamvu zambiri asamaopseze anzao. Ndiponso kuti munthu wodziyesa kuti nzeru zonse zili mwa iye yekha, wosafuna kumva za wina, ndiye amene kwathu kuno timamutcha chindere chakufikapo. Mau aŵiri aja ndi ameneŵa. Sadatchule dzina la munthu, koma dziko lonse lidatembenukira kumodzi, ndipo patapita masiku oŵerengeka Pulezidenti adaonetsa poyera kuti zidamupweteka.

Padali akhristu ena, ngakhale m'mabenchi mwathu momwe, amene adati Ambuye adaonjeza, wansembe asaloŵerere ndale, ndiponso kuti mkulu sadzudzulidwa pagulu. Maganizo ameneŵa sitikuŵanyoza, pakuti ulemu kwa akulu ndi mwambo umene tidayamwira. Koma ife tikuti Ambuyeŵa sadauze munthu chipani choti avotere, sadapemphe mpando uliwonse, ndipo adachokera mu mzinda umene manda adali akadali aaŵisi. Akadapita ku Blantyre kukalalika za maluŵa a m'munda, amayi a ana aja akadati episkopi wao waŵaiŵala. Akale adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mfumu imene yazunguliridwa ndi oomba m'manja okhaokha ili pa ngozi kuposa ina iliyonse, ndipo amene amaiuza zoona pamaso, monga adachitira mwini dzina uja ku Buganda, ndiye amaifunira moyo.

Komabe pali mbali ina imene imatikhudza ife tomwe, ndipo tikupempha kuti mutikhululukire tikaponda chala cha wina. Tsiku lija tidakondwa kwambiri chifukwa khutu lotsinidwalo silidali lathu. Tidatola mau aŵiri okometsa nkhani, nkusiya mau ena aja oti vutoli tidadzipangira tokha, aliyense pa udindo wake. Nanga wapampando wa mphakati amene safuna kuti msungichuma aŵerenge ndalama pagulu? Nanga mai amene wakhala m'komiti zaka khumi, ndipo mtsikana akakweza mkono amamuyang'ana ndi diso loti ukudziŵa chiyani iwe? Nanga apongozi amene mkamwana sangaŵauze kanthu, kapena abambo amene amagulitsa chimanga cha m'nkhokwe osafunsa amene adalima nao? Timakonda wansembe wolimba mtima akamayang'ana ku Lilongwe. Akatembenuka kuyang'ana ku mabenchi athu, timayamba kufunsana kuti kodi Abamboŵa adzasamutsidwa liti.

Pulezidenti Mutharika adamwalira mu Epulo 2012, ndipo Mai Joyce Banda adaloŵa m'malo mwao. Ambuye Zuza adapitiriza ntchito yao, ali wapampando wa bungwe la maepiskopi a m'Malaŵi. Mu Julayi 2014 dziko lino lidalandira ku Lilongwe msonkhano waukulu wa AMECEA, bungwe la maepiskopi a maiko a kuvuma kwa Africa, ndipo mu Novembala chaka chomwecho maepiskopi athu adapita ku Roma kukaonana ndi Papa Francis, monga mwa lamulo loti episkopi azikapereka lipoti la dayosizi yake. Malamulo a Eklezia amati episkopi apemphe kupuma akakwanitsa zaka 75, kotero tonse tinkaŵerengera kuti tikhala naobe zaka zina zambiri.

M'mwezi wa Januwale 2015 maso a dziko adali kumwera, kumene madzi osefukira adakokolola midzi ku Nsanje, Chikwawa ndi Phalombe. Pa 15 Januwale uthenga wina udatipeza kuno: galimoto la Ambuye lachita ngozi pa mseu wa m'nkhalango ya Chikangawa. Adathamangira nao ku chipatala cha St John's mu mzinda muno, ndipo adatsirizikira komweko tsiku lomwelo, ali ndi zaka 59. Adakhala wansembe zaka 32, ndipo kudangotsala miyezi yosakwana inai kuti akwanitse zaka 20 pa uepiskopi. Pa maliro ao padalira Akatolika, a Sinodi ya Livingstonia, a mipingo ina ndi Asilamu omwe. Mpando wa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter's udakhala wopanda mwini koposa chaka, kufikira mu 2016 pamene Papa Francis adasankha Abambo John Ryan, a chipani chomwe chija cha Amonsinyo Roche, amene ankaphunzitsa masamu pa Yunivesite ya Mzuzu.

Amayi a pampando, tisanakhale pansi tikumbutse zinthu ziŵiri zimene akomiti adatituma kuti tinene. Choyamba, bungwe lathu lizipereka Misa yopempherera mzimu wa Ambuye Zuza pa 15 Januwale chaka chilichonse, ndipo tsiku limenelo tidzivala yunifomu. Chachiŵiri ndi cha anyamata athu a ku seminale ya ku Rumphi. Tikakolola, mphakati uliwonse usonkhe ndowa ya chimanga kapena ya nyemba, ndipo amene alibe munda abweretse sopo, mchere kapena shuga monga angathere. Amlembi akhala ndi kaundula pakhomo potuluka, kuti mphakati uliwonse ulembetse dzina la mai amene adzasonkhanitse zinthuzo.